Draya Inafika, Magetsi Akadali M'mapepala

Kumudzi kwathu kuli agalu amene, akanakhala kuti amayankhula, akanakufotokozerani nkhaniyi bwino kuposa ine, chifukwa ndi okhawo amene anasangalala nayo popanda chodandaula. Ine masiku ano ndimaifotokoza ndikuseka mpaka misozi, koma tsiku limene inachitika ndinafuna kulowa m'munda wa chimanga osatulukamonso (vuto linali lakuti chimanga chinali chitakololedwa kale, pobisala panalibe).

Kwathu ndi kumtunda kwa Kandeu, kumapiri kumene mbatatesi imabereka bwino, koma mapolo a magetsi anathera kumsika ngati anaopa chitunda. Ndinakwatiwa kumeneko kwa a Ngozo, ndipo ntchito yanga ndi ya tsitsi. Ndili mtsikana ndinakhalako pa boma pa Ntcheu kwa msuweni wanga amene anali ndi saluni, ndipo ndinaphunzira zonse: kufewetsa tsitsi ndi mankhwala, kulipinda ndi marola, ndi kulowetsa mutu wa munthu mu draya, chipewa chachikulu chija chimene chimapemerera mpweya wotentha mpaka tsitsi litauma n'kukhala mmene waliikira. Nditakwatiwa, luso lonselo linathera pa kuluka pakhonde, munthu atakhala pamphasa, mutu uli pakati pa mawondo anga. Sindinkadandaula poyera, koma mtima wanga unali udakali mu draya.

Ndiye chaka china, mafoni a m'manja atangoyamba kuchuluka kumudzi, kunabwera anthu a bungwe lina kudzaona mtsinje wathu. Mtsinjewu umatsika m'phiri ndi mathithi amene sauma ngakhale mu Okutobala, ndipo iwo anati madzi amenewo akhoza kupukusa makina n'kutipatsa magetsi athuathu, osadikira a kumsika. Wowatsogolera anali mayi wina wamfupi, wovala jombo, amene tonse tinkangowatchula kuti a injiniya. Kunasankhidwa komiti, alamu anga aakulu anakhala apampando, ndipo kuyambira pamenepo nkhani pamjigo inali ya magetsi basi.

Tsiku lina dzinja lili pakati anatiitanira msonkhano pabwalo la sukulu. A injiniya anaimirira, anapukuta magalasi awo, nati, "Ndabwera ndi nkhani yabwino. Chilolezo choyamba chatuluka ku boma, ndiye tsopano..."

Zimene ananena pambuyo pa "tsopano" sindinazimve, ndipo palibenso amene anazimva, chifukwa ine ndinali nditatsegula kale kukhosi. Ndili ndi nthungululu yoti ikalira kuno imamveka kutsidya (anthu amandiitanira maukwati chifukwa cha iyo yomweyo), ndipo tsikulo ndinaitulutsa yonse. Amayi anzanga analandira, wina anayambitsa nyimbo, madala anadzuka n'kuyamba kuponda pansi ngati ali ku ngoma, matope akuthovukira m'mwamba. A injiniya ndinawaona ndithu milomo ikugwedera, dzanja lili m'mwamba, akupinda zala chimodzichimodzi. Ine ndinaganiza kuti akutithandiza kuwongolera nyimbo. Ndinavina mpaka ndinafika pamaso pawo, ndinawamangirira chitenje changa m'chiuno, ndipo iwo, poti ndi munthu waulemu, anagwedeza mapewa pang'ono n'kukhala pansi.

Mawu akuti "choyamba" ndinawamva bwinobwino, ndisaname. Koma m'mutu mwanga anatanthauza chapamwamba, ngati mwana amene wakhala woyamba m'kalasi. Sindinaganize kuti chinthu chikakhala choyamba ndiye kuti chili ndi azing'ono ake.

Sabata yomweyo ndinagulitsa nkhumba yanga. Msuweni uja anali atandiuza kale kuti akufuna kugulitsa draya yake yakale, ndipo ndinkaopa kuti wina andiyambirira. Amuna anga, bambo a Mphatso, ndi munthu wosathamanga ngakhale denga litagwira moto. Anandiyang'ana ndikumanga mpango, nati, "Amake Mphatso, mwaonapo polo ngakhale limodzi?"

"Polo ndi mtengo basi, bambo. Mitengo ili mbwee m'phirimu."

"Nanga mawaya?"

"Mawaya amabwera pagalimoto ulendo umodzi. Chovuta chinali chilolezo, ndiye chatuluka. Kodi simunamve?"

"Ndinamva inu," anatero, n'kupitiriza kusema mpini wawo.

Draya imakhala ndi mwendo wautali wa timatayala, chipewa chija chili pamwamba. Mu minibasi inakwana movutikira, koma kuchokera ku Kandeu kukwera kwathu ndi pakabaza. Wakabaza anamanga mwendo chopingasa kumbuyo, chipewa n'kusowa pokhala. Ndinachivala. Ndinalowa m'mudzi ndili pakeliyala, mutu uli m'chipewa cha pinki, ndikukwezera dzanja aliyense ngati phungu wongopambana kumene. M'katimo mawu ankamveka ngati ali mumgolo, ndiye onse amene ankandiseka ine ndinkamva ngati akundiyamikira.

Apongozi anga aamuna, a Ngozo aakulu, anali pansi pa mtengo wa mapichesi. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ku Joni, ndipo chilichonse chachitsulo chimene chingafike m'mudzi amati anachionako kale kumeneko, chachikulu kuposa pamenepo. Ndinagwada chapatali monga mwa ulemu, chipewa chili m'manja.

"Apongozi," anatero, "chimenecho ife tinkavala tikamatsikira pansi. Kungoti chathu chinali ndi nyali pamphumi."

Sindinawatsutse. Kwathu apongozi satsutsidwa, amangovomerezedwa, ndiye ndinati, "Zoonadi, bambo."

Draya ndinaiika m'kachipinda kapakhonde, ndinaifunditsa nsalu yoluka, ndipo ndinapempha mphunzitsi wina kuti andilembere chikwangwani cha SALUNI YA MAGETSI, ndi kamphezi kojambula pambali. Anthu ankabwera kudzaiona ngati khanda. Mmodzi mwa iwo anali a Namaseko, mtsogoleri wa amayi ku mpingo kwathu, munthu amene akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako, ndi ena oti sunachite. Mwana wawo Edina ankakwatiwa mu Ogasiti ndi mnyamata wa ku Balaka, ndipo akuchimuna anali atanena kuti mkwatibwi akakonzedwe tsitsi pa boma, poti kumapiri kulibe saluni.

"Ndiye ine ndawauza kuti ayi," anatero a Namaseko, akusisita chipewa chija. "Nafenso kuno tili nayo. Kapena ndanama?"

"Simunaname, mayi. Pofika Ogasiti magetsi adzakhala atatopa n'kuyaka."

Miyezi inayamba kuyenda. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira kumsewu kuti mwina lole ya mapolo yafika. Ndinkapita kumathithi ngati ndikukachapa, koma kumeneko ndinkangopeza timitengo topentedwa titazikidwa m'madzi. Alamu anga ndikawafunsa ankati, "Zili m'njira, alamu," osanena kuti njira yake ndi iti. Draya nayo inapeza ntchito zina. Atsikana ankabwera kudzajambulitsa atalowetsamo mutu kuti atumizire zibwenzi zawo za kutauni, ndipo tsiku lina nditavundukula nsalu ndinapeza nkhuku ya apongozi aakazi itaikira m'chipewa, chimene wina anachisiya chagada. Sindinaichotse msanga, poti ndi kasitomala yekhayo amene anakhutira.

Mvula itatha a injiniya anabweranso kudzaona timitengo tawo tija, ndipo popeza tsitsi lawo linali litasokonekera ndi mphepo ya m'phiri, anakhala pamphasa panga kuti ndiwaluke. Ndinadikira mpaka nditafika pakati pa mutu, pamene munthu sangathawe, n'kufunsa kuti mapolo abwera liti.

"Mapolo?" anatero. "Mayi, chilolezo chija chinali chongotilola kuyeza mtsinje. Tiyenera kuuona dzinja ndi chilimwe chomwe, kuti tidziwe madzi ake akachepa amachepa bwanji."

"Ndiye mukayeza, mapolo."

"Tikayeza tipempha chilolezo chogwiritsa ntchito madziwo. A zamadzi amayamba alengeza kaye, kuti ngati alipo wakumunsi amene akuona kuti zimusokoneza, anene."

Ndinakoka tsitsi pang'ono kuposa mmene linkafunikira.

"Kenako a zachilengedwe adzabwera kudzaona ngati sitiwononga mitengo, nsomba kapena madimba a anthu. Nawonso ali ndi chilolezo chawo. Kenako pali nkhani ya malo amene tidzamangepo nyumba ya makina. Kenako laisensi yopangira magetsi, ndi yowagulitsira kwa anthu... Mayi, mukundikoka."

"Pepani. Zonsezo ofesi imodzi?"

"Chilichonse ofesi yakeyake. Ndipo ena salandira pempho lanu asanaone chilolezo cha anzawo."

"Koma pofika Ogasiti..."

"Ogasiti wa chaka chiti?"

Anafunsa mwachifundo, ngati namwino. Anandiuzanso kuti zonsezi anazifotokoza pamsonkhano paja, ndipo zala zimene ankapinda zija zinali zilolezo zotsala. Ndinati ine ndinakhala kumbuyo, sindinamve bwino. Anatembenuka, anayang'ana chitenje chimene ndinavala, chomwe chija ndinawamangirira m'chiuno, n'kutembenukiranso kutsogolo. Ndinamaliza kuwaluka ndithu, koma mizere ya kumanzere inalowera ku Dedza, ya kumanja ku Balaka, ndipo ndinamva kuti anakamasula atangofika kwawo.

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo a Mphatso zonse.

"Zala zake zinali zingati?" anafunsa.

"Dzanja lonse, bambo."

"Eya, ine ndinaliona dzanjalo."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Munali mukuvina."

Munthu wanzeru akanapita kwa a Namaseko tsiku lomwelo. Ine ndinaganiza kuti boma ndi anthu, ndipo anthu amamva ukawadandaulira bwino. Mwayi unapezeka mu Juni, pamene kunabwera akuluakulu awiri ochokera ku Lilongwe kudzamva maganizo a anthu okhala m'mbali mwa mtsinje. Alimi a kumunsi anafunsa zanzeru zokhazokha, ngati madzi azidzafikabe m'madimba mwawo nthawi ya chilimwe, ndi ngati ng'ombe zidzakhalebe ndi pomwera. Akuluakuluwo ankayankha n'kumalemba. Kenako ine ndinakweza dzanja.

"Bwana, langa ndi pempho laling'ono. Zilolezo zanuzo zitenge nthawi yake, ine sindikutsutsa. Koma simungatibwerekeko chimodzi cha Loweruka limodzi lokha, m'mawa basi? Masana tidzabweza."

Bwanayo anaika cholembera pansi. Anandifotokozera modekha kuti ngakhale atandipatsa pepala pompo, pamtsinje palibe makina, palibe paipi, palibe waya, chifukwa zonsezo zimamangidwa zilolezo zikakwana. Alamu anga apampando anali ataphimba nkhope ndi chipewa chawo. Anthu anaseka mpaka ena anagwira m'mimba, ndipo kwa nthawi yaitali aliyense wobwereka khasu kapena sefa m'mudzimo ankati, "Loweruka lokha, masana ndibweza."

Tsiku lotsatira a Namaseko anafika. Sanakalipe. Anati palibe chalakwika, Edina akhoza kupita pa boma Lachisanu n'kukagona komweko, ngakhale kuti akuchimuna adzaseka. Apa ndi pamene ndinayenera kunena kuti zikomo, mayi, Mulungu akudalitseni. Koma apongozi anga anali pansi pa mtengo wawo uja akumva zonse, ndipo anakhosomola.

"Chipewacho chidzalira," anatero. "Ku Joni tinkayendetsa zikepe zonyamula anthu pansi pa nthaka. Ndiye chitikanike chipewa?"

A Namaseko anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi, monga mpongozi woleredwa bwino, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Mwadzimvera nokha, mayi."

Apongozi anatuma bambo a Mphatso kukabwereka jenereta kwa mkulu wina woonetsa mavidiyo ku Kandeu, kajenereta kakang'ono konyamula ndi dzanja limodzi. Titalumikiza draya, kanalira mokondwa, kenako kanatsamwa, kanatsokomola n'kuzima. Tinayesanso, chimodzimodzi. Apongozi anamasula kumbuyo kwa chipewa ndi mpeni, anasuzumiramo nthawi yaitali, n'kudzuka nkhope ili ngwee.

"Umu muli zinthu ziwiri, mphepo ndi moto. Chimene chikuilemera jenereta ndi moto. Ndiye iyo itipatse mphepo yokha. Moto tili nawo kale m'mudzi muno."

Anachotsa waya wotenthetsa, anapinda lata lakale kukhala paipi, mbali imodzi anaimangirira pamene draya imakokera mpweya, inayo anaitulutsira pawindo mpaka kuseri kwa nyumba, kamwa lake lili pamwamba pa mbaula. Lamulo linali limodzi: makala akhale atayaka mpaka kufiira, opanda utsi ngakhale pang'ono.

Ndinayesera pamutu wanga womwe. Anzanga, chinthucho chinagwira ntchito. Mpweya wofunda bwino unatsikira m'makutu, tsitsi linauma, ndipo nditamasula marola ndinaoneka ngati mkazi wa pakalendala. Ndinavina ndekha m'kachipindamo, ndinatuluka ndinavina pabwalo, ndinaiwala ulemu mpaka ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja apongozi. Ndinazungulira mudzi wonse wopanda mpango, mu Julaye, mphepo ikuluma makutu, kuti aliyense aone. Ndinafika mpaka ponena pamjigo kuti zilolezozo akhale nazo konko ku Lilongwe, ife kuno tadzipangira zathu (amayi amene anandimva tsiku limenelo onse akadali moyo, ndipo palibe amene anaiwala).

Loweruka la ukwati kunacha ndi nkhungu ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Edina anafika ndi alangizi ake awiri. Ndinamutsuka, ndinamupinda marola, ndinamukhazika pansi pa chipewa atafunda chitenje. Bambo a Mphatso anakoka chingwe cha jenereta, apongozi anakhala kuseri pakampando kuyang'anira mbaula. Chilichonse chinali m'malo mwake. Ndinayamba kupenta zikhadabo za mkwatibwi ndikung'ung'udza nyimbo.

Zimene zinkachitika kuseri ndinazimva pambuyo pake. Lole ya akuchimuna inali itafika, anthu a ku Balaka osazolowera kuzizira kwathu, ndipo malume a mkwati, mdala wina wamtali, anaona moto n'kupita kukaotha. Atapatsana moni ndi apongozi anga, zinadziwika kuti nawonso anagwirako ku migodi. Basi, anayamba chilankhulo chawo cha kumeneko, kukumbutsana makomboni ndi akapitawo, kuseka, kuombana m'manja. Ndiye mlendo wotere mungomusiya pamoto wopanda kanthu? Apongozi anaitanitsa kwa ophika chiwindi cha mbuzi ndi matumbo okulunga ndi mafuta, anaziyala pawaya, pansi penipeni pa kamwa la paipi.

M'kachipinda muja ine ndinayamba kumva kafungo kabwino, ndipo ndinati ophika achita changu. Edina anayamba kulengeza misozi. Mlangizi mmodzi anagwedeza mutu mokhutira, nati, "Mwana woleredwa bwino uyu, akulira kusiya amayi ake." Edina ananena kanthu, koma jenereta inali ikusokosa ndipo mutu wake unali m'chipewa. Ndinamusisita dzanja.

"Limba mtima, mwanawe. Ku Balaka si kutali."

Alangizi anali atamuuza kuti mkwatibwi sayankhulayankhula ndipo sadzukadzuka, ndiye mwana wa eni anakhala phee, misozi ili chuchuchu, mpaka pamene mafuta anagwera ambiri pamakala, utsi n'kuyamba kutuluka m'mphepete mwa chipewa, kuzungulira khosi lake ngati mkanda.

Ndinakweza chipewa. Utsi unakwera kudenga ngati tavundukula ng'anjo ya makala. Edina anatsokomola, anakoka mpweya, nati ndi timawu tating'ono, "Anti, ndimati mukundiwamba."

Alangizi anamutulutsa panja n'kumamupemerera ndi zitenje mpaka maso anayera. Ine ndinathamangira kuseri. Madala awiri aja anali akutafuna, nkhope zili mwee. Apongozi anandiona, anaona paipi, anaona nyama, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa anasowa chonena cha ku Joni. Mlendo uja, posadziwa kanthu, anandipatsira kachidutswa ka chiwindi. Ndinalandira ndi manja awiri (ndinadyanso, poti ndinali ndisanalawe kanthu chidzukire, ndipo chinali chokoma kwabasi).

Nditamasula marola, tsitsi linali lokongola kuposa lililonse limene ndinakonzapo. Linapindika, linawala, linaima pamalo pake. Koma fungo lake linali la kanyenya wa pamsika. Kutsukanso kunali kosatheka, belu la kutchalitchi linali litalira kale. Ndinapopera perefyumu yanga yonse, mlangizi anawonjezera yake, wina anabwera ndi paudala. Zinangokhala ngati mbuzi yowotcha yasamba n'kudzola. Tinamuveka diresi, tinamuika velo, n'kumapemphera chamumtima kuti mphepo iwombere kuphiri.

Kuchokera kwathu kupita kutchalitchi timayenda wapansi, kudutsa pakati pa mudzi. Galu woyamba anatulukira kwa alamu anga, wina pagolosale, ndipo pofika pamjigo anali gulu, akuyenda mwaulemu kumbuyo kwa mkwatibwi, mphuno zili m'mwamba, michira ikugwedezeka mogwirizana ndi nyimbo. Panalibe ngakhale mmodzi amene anauwa. Operekeza mkwatibwi ankawathamangitsa ndi maluwa, iwo ankangozungulira n'kubwerera pamzere. Akuchimuna ankayang'anana. Mayi wina wa ku Balaka ndinamumva akufunsa mnzake ngati umenewu ndi mwambo wa Angoni. Ine ndinali pambali ndikuimba nthungululu ndi mphamvu zanga zonse kuti anthu aziyang'ana ine, koma nthungululu sibisa fungo.

Pakhomo la tchalitchi adikoni anatseka chitseko agalu n'kutsala panja, kupatula wa apongozi anga, amene anakwawira pansi pa mabenchi n'kukagona pafupi ndi mapazi a mkwatibwi. Pamene mkwati anakweza velo, ndinamuona akukoka mpweya, akuphethira, kenako mapewa ake anayamba kugwedera. Edina anamuyang'ana kamodzi, nayenso mapewa anayamba. Abusa, amene anali pafupi kuposa tonse, anaima pakati pa mawu, anameza malovu, nati ulaliki aufupikitsa chifukwa akuona kuti ophika akonzeka. Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete. Ine ndinayang'ana a Namaseko pabenchi lakutsogolo. Iwo sanaseke. Anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso awo anandipeza pamene ndinabisala kumbuyo kwa amayi a kwaya, anandiyang'ana bwinobwino, n'kutembenukanso.

Kumadyerero sindinapite. Ndinadzitsekera m'nyumba, nyimbo ndikuzimvera patali. Bambo a Mphatso anabwera ndi mbale ya mpunga ndi nyama, anaiika patebulo, anafuna kunena kanthu, anaona nkhope yanga, n'kutuluka kulowera kukhola la ng'ombe (ndinawamva ndithu, ng'ombe siziseka choncho). Apongozi anamasula paipi yawo tsiku lotsatira, ndipo nkhaniyi akamaifotokozera alendo amati vuto linali malata a kuno, ndi opyapyala.

Kwa masabata angapo ndinkatunga madzi nthawi imene pamjigo palibe anthu, ndipo kutchalitchi ndinkakhala benchi lomaliza. Kenako tsiku lina masana ndinamva odi amene ndinkamuopa. A Namaseko analowa, anakhala pampando wa draya womwewo, anatulutsa zithunzi za ukwati n'kundipatsa. Edina ankaoneka ngati wa m'nyuzipepala. Nkhungu ija, mphepo ija, kuvina konse kuja, tsitsi silinagwe ngakhale pang'ono. Pachithunzi chimodzi mchira wa galu unkaoneka pakona, koma ukaikapo chala sunkaoneka.

"Azakhali a mkwati akufunsa kuti anakonza tsitsili ndani," anatero. "Ndawauza kuti ndi wa kwathu konkuno. Zithunzi sizinunkha."

Ndinayamba kupepesa, iwo anakweza dzanja.

"Edina akuti amuna ake anamupatsa dzina lina limene sindinganene pano, ndipo akamutchula onse awiri amaseka mpaka ndiwo kupserera. Banja loyamba ndi kuseka ine sindilidera nkhawa. Amene sindidzamukhululukira ndi galu uja." Anayang'ana chipewa pamwamba pa mutu wawo. "Mng'ono wake wa Edina akumufunsira. Akuti chaka chamawa, mwezi ngati womwe uja. Kodi zilolezo zanu zija zidzakhala zitakwana?"

Tsopano apa mundimvetse bwino. Nthawi imeneyo zilolezo zonse ndinkazidziwa pamtima, ndi maofesi ake, ndi kuti chikatuluka ichi chotsatira ndi chiti, moti ndikanatha kuimirira pamsonkhano m'malo mwa a injiniya. Ndinkadziwa kuti kuyeza mtsinje kunali kusanathe, kuti pempho la kwa a zamadzi linali lisanapite n'komwe, ndi kuti kwa anthu a zilolezo chaka chimodzi chili ngati kukasuzumira kudimba n'kubwerako (magetsi anadzayaka ndithu kwathu, koma Edina ali ndi ana awiri, wamkulu akuthamanga kale). Zonsezi zinali m'mutu mwanga, zitandandalikana bwinobwino, ndipo yankho loona linali pakamwa penipeni.

"Chaka chamawa?" ndinatero. "Aa, mayi, chaka chamawa ndi kutali. Mudzabwere naye."

Pakhonde bambo a Mphatso anatsamwa ndi tiyi.